Injini ndi ya ndani? Mbiri ya oimba opangidwa ndi mabwana ndi oimba odzipangira okha

Anzanga a kunyanja, ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene bandulo yatsala pang'ono musade nkhawa, muno mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha. Muwerenge podikira kuti mwera ugwe. Koma makamaka ndikulembera inu amene mumaimba, kapena muli ndi m'bale wanu woimba.

Sabata yatha kugalaja kwathu kunabwera mphwanga, mwana wa amayi aang'ono. Ambiri mukumudziwa, nyimbo zake zili m'mafoni a alovi gombe lonse lino. Amajambulira pa laputopu ya mnzake, m'chipinda chomwe anaimika matiresi kukhoma kuti phokoso la panja lisalowe. Anandipeza nditamasula kabureta ya Yamaha 15, manja ali bii ndi oilo, iye n'kundiyika foni kumaso. "Achimwene, tawerengani izi. Mwayi wanga uja wafika."

Munthu wina wa m'tauni anamva nyimbo yake imodzi pa Facebook, ndiye wamutumizira pepala la mgwirizano. Akuti amupatsa foni yatsopano, zovala, situdiyo yeniyeni ndi vidiyo yojambulidwa ndi makamera akuluakulu. Mbali ya mphwanga ndi iyi: asaine zaka 5, asinthe dzina, aziimba zomwe wauzidwa, ndipo nyimbo zonse, ngakhale zakale zomwe anajambula yekha, zikhale za bwanayo. Yankho likufunika mwezi uno usanathe.

Sindinamuyankhe msanga. Pagolosale ya pafupi ankaliza Boney M, paja Disembala akangolowa Malawi yense amasanduka Boney M. Ndinangomufunsa kuti, "Iwe, mawu aamuna okhuthala aja a mu Daddy Cool ukuganiza kuti ndi a ndani?" Iye akuti, "Si mkulu wovina uja, wa tsitsi lambiri?" Ndinati ayi, si iyeyo. Tinacheza mpaka dzuwa kulowa, kabureta ili gwaa patebulo, ndipo zomwe ndinamuuza ndi zomwe ndikulemba pano.

Ine sukulu ndinalekera Fomu 4, sindine katswiri wa nyimbo. Koma usiku ndimakonda kuwerenga mbiri ya zinthu pafoni, ndipo nkhani iyi ndaitsata kwa nthawi ndithu. Inachitikira kutali, ku America, ku Germany ndi ku England, koma mwana wa msodzi aliyense aimva msanga, chifukwa ndi nkhani ya mwini zida ndi alovi ake.

Tiyambire ku America, chaka cha 1965. Nthawi imeneyo anyamata anayi a ku Liverpool, a Beatles, ankapanga ndalama zoopsa dziko lonse. Akuluakulu awiri opanga mafilimu ku Los Angeles, Bob Rafelson ndi Bert Schneider, anaganiza zongopanga a Beatles awoawo. Mu Seputembala 1965 anaika uthenga m'nyuzipepala kuti akufuna anyamata anayi a sewero la pa TV lonena za bandi. Anabwera anyamata 437. Pamapeto pake gululo linakhala la Davy Jones, Micky Dolenz, Michael Nesmith ndi Peter Tork, n'kupatsidwa dzina loti The Monkees. Sanakulire limodzi, sanayambe ndi kuimba pakhonde ngati mabandi ena. Anangosankhidwa ngati mmene bwana amasankhira alovi pagombe: iwe bwera, iwe bwera, iwe ayi.

Sewerolo linayamba mu Seputembala 1966 ndipo nyimbo zake zinagulidwa ngati usipa wa m'mawa. Woyang'anira nyimbozo anali Don Kirshner, munthu amene anali ndi akatswiri opeka nyimbo okhala m'maofesi, kumasoka nyimbo ngati atelala. Mwachitsanzo I'm a Believer anapeka ndi Neil Diamond. Zida zoimbira ankaimba ndi akatswiri ena a mu situdiyo, anyamata aja ntchito yawo inali kuikapo mawu ndi kumwetulira pa kamera. Vuto linali loti Nesmith ndi Tork anali oimba enieni, gitala ankaidziwa, ndipo zinkawawawa. Mu Januwale 1967 chimbale chawo chachiwiri chinatulutsidwa iwo osauzidwa n'komwe. Pamsonkhano wina mu hotelo ku Beverly Hills, Nesmith anapsa mtima mpaka kuboola khoma ndi chibakera. Mkangano utakula Kirshner anachotsedwa, anyamatawo n'kujambula chimbale cha Headquarters akudziimbira okha zida zambiri. Chinatuluka mu Meyi 1967 ndipo chinafika pa nambala 1 ku America.

Tsono tamverani zomwe Kirshner anachita. Anapita kukayang'anira nyimbo za bandi yotchedwa The Archies, yomwe oimba ake sanali anthu, anali makatuni ojambula pamanja. Nyimbo yawo ya Sugar, Sugar ndi yomwe inaposa zonse ku America m'chaka cha 1969. Mawu ake anali a munthu wotchedwa Ron Dante, koma nkhope yoonekera kwa anthu inali ya katuni. Mwaiona nzeru yake? Katuni saboola khoma, sadwala, safunsa kuti ndalama zanga zili kuti.

Tsopano tiwoloke tipite ku Germany, kwa a Boney M athu aja. Mwini wake weniweni anali mzungu wojambula nyimbo dzina lake Frank Farian. Mu 1975 anatulutsa nyimbo yotchedwa Baby Do You Wanna Bump, ataimba yekha mawu onse, koma pachikuto analemba dzina loti Boney M. Nyimboyo itayamba kumveka panafunika nkhope zoti zizioneka pa TV. Ndiye anasonkhanitsa Liz Mitchell ndi Marcia Barrett ochokera ku Jamaica, Maizie Williams wa ku Montserrat ndi Bobby Farrell wa ku Aruba. Pa nyimbo zotchuka zija, mawu aakazi ndi a Liz ndi Marcia, koma mawu aamuna okhuthala aja ndi a Farian mwini wake. Bobby Farrell ankavina, ndipo pamaso pa anthu ankaimba ndithu, koma mawu a pa mbale ya Daddy Cool ya 1976 si ake. Ngakhale Rivers of Babylon ya 1978 sinayambire kwa iwo. Anayamba kuimba ndi gulu la ku Jamaica la The Melodians mu 1970.

Sindikunena kuti nyimbo za Boney M n'zoipa, ayi. Chimbale chawo cha Khirisimasi cha 1981 chandilera ine, chinaleranso amalume anga. Liz Mitchell ndi woimba wa mphatso, palibe angatsutse. Chinthu chopangidwa ku fakitale chimatha kukhala chabwino, injini ya Yamaha nayonso ndi ya ku fakitale. Funso langa lili pa anthu amene amaikidwa kutsogolo aja: zikavuta amatsala ndi chiyani?

Yankho lake linaoneka Farian atabwereza njira yomweyo. Mu 1988 anapeza anyamata awiri ovina, ooneka bwino, a tsitsi lalitali lolukidwa: Rob Pilatus wa ku Munich ndi Fab Morvan wa ku Paris. Anali osauka, ofuna kutchuka. Malinga ndi mmene iwo ankafotokozera pambuyo pake, analandira kandalama koyambira, n'kusaina pepala asanalimvetse, ndipo atadya ndalamazo anauzidwa kuti kuimba sadzaimba, azingoyendetsa milomo. Akakana abweze ndalama, zomwe analibe. Gululo linatchedwa Milli Vanilli. Oimba enieni anali anthu ena monga Charles Shaw, John Davis ndi Brad Howell, obisidwa mu situdiyo.

Chimbale cha Girl You Know It's True chinagulidwa makope oposa 6 miliyoni ku America kokha. Mu Julayi 1989, akuimba pamaso pa khamu ku Connecticut, makina oliza nyimbo anakakamira n'kumangobwereza mzere umodzi, Rob mpaka anathawa pa siteji. Koma anthu sanasamale, ndalama zinapitiriza kulowa. Mu Febuluwale 1990 analandira mphoto ya Grammy ya oimba atsopano opambana. Apa anyamatawo anayamba kulimbikira kuti pa chimbale chotsatira aimbe okha. Mu Novembala 1990 Farian anangoitana atolankhani n'kuulula yekha kuti awiriwa sanaimbe liwu ngakhale limodzi. Patangopita masiku ochepa Grammy inalandidwa. Dziko lonse linaseka Rob ndi Fab. Anayesa kutulutsa chimbale choimba okha, palibe anachilabadira. Rob analowerera m'mankhwala osokoneza bongo ndipo mu Epulo 1998 anapezeka atafa mu hotelo kufupi ndi Frankfurt. Nanga Farian? Anapitiriza kujambula magulu ena, n'kudzamwalira ali nkhalamba mu Januwale 2024 ku Miami. Boti litagubuduka anamira ndi mlovi, mwini zida anali pamtunda.

Imeneyo ndi mbali imodzi. Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku England chaka cha 1976, tikaone anthu amene anasankha njira ina.

Nthawi imeneyo ku Britain anthu oposa miliyoni analibe ntchito, achinyamata ambiri ankangoyendayenda ngati mmene tikhalira kuno nyanja ikatsekedwa. Kutulutsa nyimbo kunali m'manja mwa makampani akuluakulu monga EMI ndi CBS. Aliyense ankakhulupirira kuti popanda kampani sungapange mbale ya nyimbo, ngati mmene tinganenere kuti popanda fakitale sungapange pisitoni.

Kunabuka kaimbidwe kaphokoso, kothamanga, kosavuta kuphunzira, kotchedwa punk. Ophunzira awiri a pa koleji ina ku Bolton, Howard Devoto ndi Pete Shelley, anawerenga m'nyuzipepala za bandi ya ku London yotchedwa Sex Pistols. Anabwereka galimoto kukaionera, kenako anaiitanira ku Manchester. Pa 4 Juni 1976, mu kaholo kotchedwa Lesser Free Trade Hall, munalowa anthu pafupifupi 40 okha. Koma ena mwa anthu ochepawo anatuluka akunena kuti, ngati awa akutha, ifenso tingathe. Mmodzi wa iwo, Peter Hook, m'mawa mwake anakagula gitala ya besi, ndipo iye ndi mnzake Bernard Sumner ndi amene anadzayambitsa Joy Division, kenako New Order.

Devoto ndi Shelley anali ndi bandi yawo, Buzzcocks. Palibe kampani ya ku London yomwe inkabwera ku Manchester kudzawafuna. Ndiye anachita chinthu chomwe anzawo ankachiona ngati misala. Anabwereka mapaundi pafupifupi 500 kwa anzawo ndi achibale, kuphatikizapo bambo ake a Shelley. Pa 28 Disembala 1976 analowa mu situdiyo n'kujambula nyimbo zinayi m'maola ochepa. Anapititsa tepi ku fakitale yodinda mbale, n'kulipira mbale 1,000. Anadzipangira dzina la kampani yawo, New Hormones, ndipo mbale zija ankaziika okha m'zikuto. Kambale kameneka, kotchedwa Spiral Scratch, kanatuluka pa 29 Januwale 1977. Ankangofuna kubweza ngongole, koma kanagulidwa makope pafupifupi 16,000.

Chachikulu sichinali ndalamazo. Chinali choti chinsinsi chinaululika: fakitale yodinda mbale imadindira aliyense amene walipira. Chaka chomwecho bandi ina ya ku London, Desperate Bicycles, inatulutsa mbale 500 ndi mapaundi 153 okha, ndipo inkauza aliyense mtengowo kuti nayenso akayese. A Scritti Politti mu 1978 analemba pachikuto penipeni ndalama zomwe analipira pojambula ndi podinda. Ine monga makanika izi zimandigwira mtima. Pali amakanika ena amene akamakonza injini amakutembenukira msana kuti usaone. Anyamata awa ankamasula injini pagulu, n'kumaonetsa aliyense kuti pulagi ndi iyi, mafuta amadutsa apa.

Nkhani za magulu amenewa ankalembanso okha. Mark Perry, kalaliki wa ku banki, mu Julayi 1976 anayambitsa kamagazini kotchedwa Sniffin' Glue, kolemba ndi taipi ndi cholembera, kochulukitsa pa fotokope. Kena kotchedwa Sideburns, mu Januwale 1977, kanajambula kagwiridwe katatu ka zala pa gitala n'kuuza owerenga kuti zakwana, akayambitse bandi. Kogulitsira nako kunapezeka. Geoff Travis anatsegula shopu ya Rough Trade ku London mu 1976, yomwe inkalandira timbale ta anyamata odzipangira okha. Mu 1978 inayamba kutulutsa nyimbo, phindu n'kumagawana pakati ndi pakati ndi oimba. Mu 1979 chimbale cha Stiff Little Fingers, anyamata a ku Belfast, chinagulidwa makope oposa 100,000 kudzera ku Rough Trade, popanda kampani yaikulu.

Pofika apa mphwanga anali atayamba kumwetulira, akuganiza kuti nkhani yatha: opangidwa ndi abodza, odzipangira ndi enieni. Ndinamuuza kuti dikira, sizophweka choncho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

A Sex Pistols aja, amene anayatsa moto wonsewu, nawonso anali ndi bwana wawo, Malcolm McLaren, mwini shopu ya zovala pa King's Road ku London. Steve Jones ndi Paul Cook anali ndi bandi kale, koma woimba wawo John Lydon anatengedwa mu 1975 makamaka chifukwa cha maonekedwe, atayesedwa poimba motsatira nyimbo yomwe inkalira mu shopumo. Mu 1977 Glen Matlock, amene ankadziwa kupeka nyimbo, anachoka, m'malo mwake n'kulowa Sid Vicious, amene besi sankaidziwa bwino koma ankaoneka woopsa pa chithunzi. Ndipo sanadzitulutsire okha nyimbo. Anasaina ndi EMI mu 1976 pa mapaundi 40,000, atachotsedwa anapita ku A&M komwe sanathe ndi sabata yomwe, kenako ku Virgin. Bandi inatha mu Januwale 1978 ku San Francisco. Sid anamwalira mu Febuluwale 1979 ali ndi zaka 21. Lydon anakasuma McLaren kukhoti pa nkhani ya ndalama ndi umwini, ndipo mlanduwo unatha mu 1986, oimbawo atapambana. Zaka zonsezo kulimbirana thukuta lawo lomwe. Ndiye mukuona, munthu atha kuvala zong'ambika, kutukwana pa TV, kuoneka ngati woukira, koma injini ili ya wina.

A Buzzcocks nawo mu Ogasiti 1977 anasaina ndi kampani yaikulu ya United Artists. Kusiyana kwake n'koti anapita kukakambirana atagulitsa kale mbale zikwizikwi paokha. Sanapite ngati opempha.

Amene anaigwiritsitsa njira yodzipangira mpaka mapeto ndi anyamata a ku Washington, ku America. Mu 1980 bandi ya ana a sukulu yotchedwa Teen Idles inatha, m'bokosi lawo muli madola 600 omwe anasunga poimba. M'malo mogawana, Ian MacKaye ndi Jeff Nelson anadinda mbale 1,000 za nyimbo zawo, n'kuyambitsa kampani ya Dischord. Zikuto ankadula ndi sizasi, kupinda ndi kumata ndi guluu, chimodzichimodzi, m'nyumba. Ndalama zikabwera ankatulutsira nyimbo za anzawo a mumzinda womwewo. Mu 1987 MacKaye ndi anzake anayamba kuimba ngati Fugazi. Malamulo awo anali oti polowa pakhomo anthu azilipira madola 5 pomwe zingatheke, ana asaletsedwe kulowa, ndipo sankagulitsa malaya a dzina lawo. Makampani akuluakulu anabwera ndi ndalama zambiri, iwo anakana. Anaimba maulendo oposa 1,000 m'maiko osiyanasiyana mpaka pomwe anapumira mu 2003. Dischord ilipo mpaka lero, ndipo nyimbo zonse zija zili m'manja mwa eni ake.

Koma ndisakunamizeni kuti njira iyi ndi ya uchi. Inu ambiri dzina la Fugazi mwalimva lero, pomwe Boney M ngakhale agogo anga amaidziwa. Bwato silifika komwe boti la injini limafika. Ndiponso odzipangira ambiri anamira. Mbali ya Rough Trade yogawa nyimbo m'mashopu inagwa mu 1991, n'kugwetsa timakampani tambiri tomwe tinkaidalira. Factory Records ya ku Manchester, ya Tony Wilson, yomwe inkatulutsa Joy Division ndi New Order, inagwa ndi ngongole mu 1992 chifukwa chosasamala ndalama. Chikondi cha nyimbo sichilemba mabuku a ndalama. Komabe pali kanthu kamodzi pa kugwa kwa Factory. Wilson anali atalonjeza kuti nyimbo ndi za oimba, osati za kampani. Ndiye kampani itamira, a New Order anatuluka m'madzi atanyamula nyimbo zawo. Yerekezani ndi Rob Pilatus, amene analibe liwu, analibe nyimbo, ngakhale dzina loti Milli Vanilli silinali lake.

Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse. Kusiyana kwenikweni si kwa woimba weniweni ndi wabodza. A Monkees anapangidwa, koma anamenyera nkhondo mpaka kugwira zida okha. A Sex Pistols ankaoneka omasuka, koma anali m'thumba la munthu. Funso ndi ili: ulendo ukatha, chatsala m'manja mwako n'chiyani?

Ifeyo izi timazidziwa kuchokera kunyumba. Bambo anga anakhala mlovi pa chilimira cha munthu wina zaka zambiri. Usiku wonse pamadzi, kukoka mpaka manja kuchita matuza. M'mawa nsomba zikagulitsidwa amayamba achotsa za mafuta, mwini zida n'kutenga gawo lake, zotsalazo n'kugawana anthu onse a m'boti. Masiku ena ukakhala unatapa kale ngongole kwa bwana, umabwerera kunyumba ndi ndiwo zokha. Msana utayamba kuvuta anatsika m'botimo opanda ngakhale nkhafi. Pambuyo pake anapeza kabwato kawo ndi timatchera tochepa. Zomwe amapha n'zochepa, mwera ukawomba sapita, koma akabwera ndi utaka ndi wawo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawafotokozera za mphwanga, ndikuyembekeza kuti anena kuti akane. Anakhala chete akusoka ukonde, kenako anati, "Boti la eni ake si loipa. Ine linandidyetsa, iwenso unapita nalo kusukulu. Kulakwa kwanga kunali kukwera ndisanafunse kagawidwe, ndiponso kukhalamo zaka zonsezo osagula kanga. Umuuze mwanayo kuti safunsa anadya phula."

Ndipo musaganize kuti kudzipangira ndi nzeru ya azungu. Ife tinayamba kale, ndi mabanjo a zigubu za oilo ndi mawaya a mabuleki a njinga. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anapanga yekha babatoni yake, ya chingwe chimodzi ndi chikopa cha ng'ombe, amaiimba ndi botolo ndi kamtengo, ndipo yamufikitsa ku Ulaya. A Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri asanakaimbe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako maiko akunja. Iwonso anathandizidwa ndi anthu ena, paja mutu umodzi susenza denga. Koma owathandizawo anawapeza ali kale ndi kaimbidwe kawo ndi zida zawo, ndipo n'zomwezo zomwe dziko linakonda. Palibe anawaveka mawu a munthu wina.

Lero zinthu zaphweka kuposa nthawi ya Buzzcocks. Iwo anafunika mapaundi 500 ndi fakitale. Mphwanga akungofunika laputopu, maikolofoni ndi bandulo. Chomwe chikuvuta tsopano si kujambula, ndi kumveka pakati pa nyimbo zikwizikwi, komanso kupeza ndalama pomwe nyimbo zimangotumizidwa ulere pa WhatsApp. Apa ndi pomwe anthu a mapepala aja amalowera, ndipo ena mwa iwo ndi achilungamo ndithu. Sindinamuuze mphwanga kuti akane. Ndinamuuza kuti abweze mafunso anayi, ndipo inunso muwasunge.

Loyamba: foni, zovala ndi ndalama za vidiyo, ndi mphatso kapena ngongole yomwe idzachotsedwe pa zomwe ndidzapeze? Rob ndi Fab anakodwa pamenepa.

Lachiwiri: zaka 5 zikatha, nyimbo zomwe tajambula zidzakhala za ndani? Nanga zakale zomwe ndinajambula ndekha zikulowamo bwanji, poti inu simunaikepo tambala?

Lachitatu: dzina latsopanolo mwini wake ndani? Tikasiyana ndidzapitiriza kuligwiritsa ntchito?

Lachinayi: mukapanda kutulutsa nyimbo yanga chaka chathunthu, ndili ndi ufulu wochoka?

Ndinamuuzanso kuti asanasaine chilichonse apititse pepalalo kwa munthu wodziwa malamulo, ndipo nyimbo zomwe ali nazo kale akazilembetse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zolemba lomwe lilipo kuyambira 1992. Komanso asaleke kuphunzira kujambula yekha pa laputopu ija. Mlovi wodziwa kukonza injini bwana samuthamangitsa mwachibwana, ndipo akathamangitsidwa sagona ndi njala.

Mphwanga sanasangalale, ndisaname. Anati ine ndikufuna afere pagombe pano akuimbira alovi, pomwe anzake akuoneka pa TV. Ndinamumvetsa. Ali ndi zaka zochepa, mayi ake akudwaladwala, ndipo foni yake ndi yosweka galasi, amaimanga ndi labala. Munthu wotere ukamuuza za zaka 5 zakutsogolo amaona ngati ukumuchedwetsa. Mwinanso bwanayo ndi wabwino, ndipo ine ndikumutayitsa mwayi womwe sudzabweranso. Zimenezo zikundisowetsa tulo. Koma ndimati munthu wachilungamo saopa mafunso anayi. Kasitomala akandifunsa kuti ndasintha chiyani mu injini yake, ndimamuonetsa chakale chomwe ndachotsa, sindikwiya.

Mafunsowo anatumiza Lolemba. Timizere tiwiri tasanduka tabuluu, kusonyeza kuti awerenga, koma mpaka pano yankho kulibe. Mphwanga amayang'ana foni mphindi iliyonse, ndipo sakundilankhula bwinobwino. Zikayankhidwa ndidzakuuzani, kaya zikomera ine kaya iye.

Pakadali pano tumizani uthengawu kwa aliyense amene ali ndi pepala lotere m'foni mwake. Ndipo eni Yamaha 15 ija, pepani pochedwa, kabureta ndatsuka, vuto linali madzi m'mafuta. Mubwere mawa m'mawa mudzatenge.